Zombo za m'mlengalenga zinapita kuti mu anime?

Imelo yafika kuchokera kwa mnyamata wina amene wangomaliza kuonera Cowboy Bebop, imodzi mwa anime (makatuni a ku Japan) za anthu oyenda m'zombo za m'mlengalenga. Akuti wafufuza ina yofanana nayo pakati pa anime zatsopano, koma zimene akupeza ndi za munthu wofa n'kukadzukira kudziko la malupanga ndi matsenga, zimene amazitcha isekai. Ndiye akufunsa ngati space opera, ndiye kuti nkhani za nkhondo ndi maulendo a pakati pa nyenyezi, inatheratu ku Japan, komanso chimene angaonere tsopano.

Achimwene, funso lanuli landikhudza pachilonda, ndiye mundilole ndiyambire patali.

Ine nkhani za nkhondo ndi maufumu a pakati pa nyenyezi ndinakumana nazo nditangomaliza koleji, ntchito ikusowa, ndikukhala kwa amalume. Mnzanga anandikopera Legend of the Galactic Heroes, magawo 110 amene anatuluka kuyambira 1988 mpaka 1997, ochokera m'mabuku a Yoshiki Tanaka. Masana ndinkazungulira m'tauni kusiya makalata ofunsira ntchito, usiku n'kutsegula laputopu. Amalume poyamba ankangodutsa n'kunena kuti munthu wandevu saonera makatuni. Tsiku lina anaima kumbuyo kwanga, anafunsa kuti amene akulankhulayo ndani, kenako anakoka mpando. Kuyambira pamenepo ndinkawawerengera mawu omasulira olembedwa pansi pa chithunzi aja chifukwa maso awo anali atayamba kuvuta.

Nkhaniyo ili ndi anthu awiri. Reinhard ndi wolamulira yekha, koma wanzeru ndiponso wodana ndi katangale. Yang Wen-li ndi msilikali amene ankafuna kukhala katswiri wa mbiri yakale, ndipo akuteteza boma losankhidwa ndi anthu koma lovunda, lodzaza ndi andale adyera. Amalume anaponya nawo voti pa referendamu ya 1993, ndipo anaima ndi Yang osagwedezeka. Ankati mtsogoleri woipa amene ungathe kumuchotsa aposa wabwino amene sungamufunse kanthu. Ine, ndi digiri yanga m'chikwama komanso m'thumba mopanda kanthu, mtima unali kwa Reinhard. Tinkatsutsana mpaka akazi awo kutuluka kuchipinda kudzatiuza kuti ana akufuna kugona. Sindinayambe ndachezapo ndi amalume mozama chonchija, ndipo chinatitsegula pakamwa chinali katuni ya ku Japan.

N'chifukwa chake ndikamva anthu akunena kuti mtundu umenewu unafa chifukwa achinyamata a lero ndi aulesi kuganiza, ndimakana. Owonera sanayambe aulandirapo ndi manja awiri pa tsiku loyamba. Space Battleship Yamato itayamba mu 1974 inkaulutsidwa nthawi imodzi ndi katuni ina yotchuka yotchedwa Heidi, anthu oionera anachepa, ndipo anaidula n'kuthera pa magawo 26. Inadzuka chifukwa cha kubwerezedwa pa TV komanso filimu ya 1977. Mobile Suit Gundam ya 1979 nayo anaidula pa gawo la 43, ndipo chimene chinathandiza kwambiri kuiukitsa ndi zidole za pulasitiki zomanga wekha zimene kampani ya Bandai inayamba kugulitsa mu 1980. Legend of the Galactic Heroes ija inkafika kwa anthu pa matepi a vidiyo ogula okha. Nthawi zonse pankapezeka njira ya ndalama yolola nkhani yaitali kupuma mpaka anthu aizolowere.

Njira imeneyo ndi imene yatsekeka. Masiku ano anime zambiri zimalipiridwa ndi komiti ya makampani angapo, osindikiza mabuku, a nyimbo, a TV, aliyense kuponyapo yake kuti zikavuta asagwe yekha. Komiti yotere imakonda magawo 12 kapena 13, ndipo imakonda nkhani imene yaonetsa kale kuti ili ndi oitsatira. Zambiri za isekai zimene zakutopetsanizo, monga Re:Zero, zinayambira pa Shōsetsuka ni Narō, tsamba la pa intaneti limene linatsegulidwa mu 2004 pomwe aliyense amalemba nkhani yake ndipo chiwerengero cha owerenga chimaonekeratu. Wamalonda sangasiye zimenezo n'kukabetcha pa nkhani yatsopano yofuna maufumu awiri, nyumba ya malamulo ndi akazembe ankhondo makumimakumi. Kulongosola zonsezi m'magawo 12 kuli ngati kuphika nyemba pa moto wa mapesi.

Palinso za manja. Kujambula chombo chachikulu chikutembenuka, mizinga ikulavula moto, zidutswa zikuuluka, ndi luso lapadera, ndipo amisiri ake akukalamba pomwe achinyamata olowa ntchitoyi amalandira ndalama zochepa moti ambiri amaisiya asanakhwime. Makampani anathawira ku kompyuta. Knights of Sidonia ya 2014 inapangidwa choncho ndipo ndinaikonda ndithu, koma chombo chojambulidwa ndi dzanja chimaoneka cholemera, ngati chili ndi anthu m'kati. Apa ndiye sindisintha maganizo.

Chimene chimandiwawa kwenikweni

Ndalama sizifotokoza zonse. Leiji Matsumoto, mmodzi mwa amene anapanga Yamato, anabadwa mu 1938, ndipo bambo ake anali woyendetsa ndege ya nkhondo. Yamato yeniyeni inali sitima yankhondo imene inamizidwa mu April 1945. Anthu amene anakulira m'phulusa la nkhondoyo anatenga sitima yomira ija n'kuiulutsa kuti ikapulumutse dziko lonse lapansi. Anali ataona munthu akuponda pamwezi mu 1969, ndipo mu 1970 khamu linkaima pamzere ku chionetsero cha ku Osaka kuti lione mwala wochokera kumwezi. Chuma chinkakwera. Mawa linkaoneka lalikulu, ndipo funso linali lakuti mtundu wonse ulowera kuti.

Chuma chija chinagwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo lero chiwerengero cha anthu ku Japan chikutsika chaka ndi chaka. Taonani amene amatsogolera nkhani zambiri za isekai: wantchito wotopa kapena mnyamata wodzitsekera m'chipinda, amene mwayi wake ndi kufa kuti akayambirenso kwina ali yekha ndi mphamvu zake. Sindimunyoza woonera wotere, kutopa kwakeko ndimakudziwa. Koma ndimaona kuti china chake chatayika pamene nkhani zasiya kufunsa mmene anthu mamiliyoni angakhalire pamodzi n'kumangofunsa mmene munthu mmodzi angathawire. Matsumoto atamwalira mu February 2023 ali ndi zaka 85, zimenezi ndi zimene zinandibwerera m'mutu.

Ena adzandiuza kuti Gundam SEED Freedom ya 2024 inapeza ndalama kuposa filimu ina iliyonse ya Gundam m'mbuyomu, kuti Yamato anaipanganso mu 2012, kuti Galactic Heroes inabweranso mu 2018. Zoona zonsezo. Koma onani mayinawo, onse ndi akale. Akudyera dzina limene ena analivutikira zaka zoposa makumi anayi zapitazo, ndipo amene angayerekeze kuyambitsa dzina latsopano ndi ochepa kwambiri.

Tsono za choonera. Ngati mukufuna yoyandikira Bebop, tengani Outlaw Star ya 1998. Astra Lost in Space ya 2019 ili ndi magawo 12 okha ndipo imakwanira bwino chifukwa ndi ya ana ochepa m'chombo chimodzi. Planetes ya 2003 ndi ya anthu otola zinyalala m'mlengalenga. Kenako Yamato 2199, ija anaipanganso mu 2012. Mukakonzeka, lowani mu Galactic Heroes yakale ija, musaiweruze musanamalize magawo 26 oyambirira, ndipo khalani ndi kapepala kolembapo mayina chifukwa ndi ambiri.