Kodi Ndingagwiritse Ntchito Pulogalamu ya Kunyumba Ndili ku Ofesi?

FUNSO: Kunyumba ndili ndi kompyuta ya Linux momwe muli QGIS, pulogalamu yomwe ndimajambulira mapu. Ndikakhala ku ofesi ndimatha kulowamo kudzera pa SSH (njira yotetezeka yolowera mu kompyuta ili kutali), koma ndimangoona malemba okhaokha. Kodi nditani kuti ndiziona mapuwo? Wowerenga, Zomba.

YANKHO: Popeza SSH ikugwira kale ntchito, chovuta kwambiri mudathana nacho. Njira yachidule ndi kulemba ssh -X polowa, kenako n'kulemba dzina la pulogalamuyo, ndipo windo lake lidzaoneka pa sikirini ya ku ofesi pomwe ntchito yonse ikuchitikira kunyumba. Onetsetsani kuti mu fayilo ya sshd_config ya kunyumba muli mzere wakuti X11Forwarding yes, ndipo ngati kompyuta ya ku ofesi ndi ya Windows, mufunika kuikamo MobaXterm kapena VcXsrv.

Komabe, pa ntchito ya mapu njirayi sindikukulangizani. X11, njira yoonetsera mawindo yomwe ssh -X imagwiritsa ntchito, idatuluka mu 1987 ndipo imayenda bwino pa makompyuta oyandikana, chifukwa pulogalamu imatumiza mafunso ang'onoang'ono ambirimbiri n'kumadikira yankho la lililonse. Pa netiweki ya foni, mukadina menyu mumakhala mukuyang'ana sikirini kwa kanthawi isanatseguke, ndipo mukakoka mapu amayenda modukizadukiza. Choipitsitsa n'chakuti netiweki ikangoduka, pulogalamunso imatsekeka ndipo zonse zomwe simunasunge zimatayika.

VNC, njira yoonera ndi kugwiritsa ntchito desikitopu ya kompyuta ili kutali, ndiyo yokuyenerani. Ikani TigerVNC kunyumba ndi kuiyatsa. Iyo imasunga desikitopu yonse komweko n'kumangokutumizirani chithunzi chake, kotero kuti netiweki ikaduka, mukalumikizanso mudzapeza mapu anu ali monga mudawasiyira. Desikitopu yoyamba imapezeka pa port (khomo la netiweki) 5901, koma musaitsegule pa rauta, pakuti akuba a pa intaneti amafufuza makomo otere usana ndi usiku. M'malo mwake lembani ssh -L 5901:localhost:5901 ndi adiresi ya kunyumba, kenako uzani pulogalamu ya VNC ya pa kompyuta ya ku ofesi kuti ilumikizane ndi localhost:5901 (localhost ndi kompyuta yomwe mulipoyo). Potero zonse zimadutsa mobisika m'kati mwa SSH.

Nkhani ya magetsi musaiiwale: mu BIOS (menyu yomwe mumalowamo kompyuta ikangoyamba kuyaka) ya kompyuta ya kunyumba sankhani kuti kompyuta iziyaka yokha magetsi akabwera, ndipo SSH ndi VNC nazonso ziziyamba zokha. Musanaike chilichonse pa kompyuta ya kuntchito, pemphani chilolezo kwa a IT, chifukwa mabwana ena saloleza zimenezi.