Alamu atenga makiyi a galimoto, ndiyambire pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chibavi, kuno ku Mzuzu. Dzina sinditchula. Amuna awo anamwalira mwezi watha osasiya wilu. Asiya ana atatu, nyumba, galimoto, ndalama kubanki ndi penshoni. Alamu awo a kumudzi akuti popeza banja lawo linapereka malowolo, katundu yense ndi wa kuchimuna, ndipo makiyi a galimoto anatenga kale tsiku loika maliro. Pamaliro pomwepo panabweranso mayi wina ndi kamnyamata, akuti ndi mwana wa malemuwo. Funso la namfedwayu ndi lakuti: "Ndiyambire pati, nanga changa chilipo?"

Mayi, pepani ndi zovutazi. Chanu chilipo, ndipo lamulo lili mbali yanu kuposa momwe alamu anu akukuuzirani.

Kuyambira mu 2011, chuma chamasiye m'Malawi muno chimayendetsedwa ndi lamulo lotchedwa Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, lomwe linalowa m'malo mwa lakale la 1967. Lamuloli linatseka njira yolowera chuma chamasiye potsata mwambo. Kaya ukwati unali wa malowolo monga zimakhalira kuno kumpoto, kaya wa chikamwini, munthu akamwalira wopanda wilu, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, komanso amene ankadalira malemuwo pa moyo wawo. Ngati apongozi anu okalamba ankadya kuchokera m'thumba la mwana wawo, iwowo ali ndi gawo. Koma achimwene a malemu amene ali ndi ntchito zawo ndi minda yawo, sangalumphe inu ndi ana chifukwa cha ng'ombe zimene zinaperekedwa kwanu. Katundu wa m'nyumba, monga mipando, bedi, ziwiya, lamulo limati atsale m'manja mwa namfedwa. Ndipo kulanda chuma chamasiye ndi mlandu woti munthu akhoza kulowa nawo m'ndende.

Nkhani imeneyi imandikhudza chifukwa ndinaionapo ndi maso. Amalume anga atamwalira ndili wachichepere, lole inaima pakhomo tisanamete n'komwe. Anakweza firiji, matiresi, ngakhale mbaula. Akazi awo anakhala pamphasa pakhonde atafunda chitenje kumutu, osayankhula kanthu, mwana wamng'ono akufunsa kuti kodi tikusamuka. Panalibe amene ankadziwa kuti pali kokadandaula. Inu muli nako.

Tsono poyambira ndi pamapepala, osati pamkangano. Lero lomwe tengani kope, mulembe chilichonse chimene malemu asiya, ndi ngongole zomwe, kenako mujambule pafoni. Mapepala a poloti, bulubuku ya galimoto, makadi a kubanki, chiphaso chaunzika cha malemu, mtchatho wanu kapena umboni wa ankhoswe, makalata obadwira a ana, zonsezi muziike pamalo poti wina sangazifikire. Ngati mukuopa, kasungitseni kwa abusa kapena kwa m'bale wanu wodalirika. Galimoto angaiyendetse ndi makiyi, koma kuisintha dzina popanda mapepala n'kovuta. Musasainire pepala lililonse limene akubweretserani pamsonkhano wa banja, ngakhale akuuzeni kuti n'longogwirizanitsa.

Pepala loyamba kulisaka ndi satifiketi ya imfa. Kuchipatala kumene anamwalirira amapereka lipoti la imfa, ndipo satifiketi imachokera ku National Registration Bureau. Popanda imeneyi kubanki ndi kuntchito sakumvetserani.

Kenako pamafunika makalata a kukhoti okupatsani mphamvu yoyendetsa chumacho, amene maloya amawatchula kuti Letters of Administration. Amenewa ndiwo amatsegula akaunti ya kubanki ndi kulola kusintha dzina pa nyumba ndi galimoto. Khoti lalikulu lili ndi nthambi konkuno ku Mzuzu, simukufunika ulendo wa ku Lilongwe. Ngati ndalama ya loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau, nawonso ali ndi ofesi mumzinda muno. Ofesi ya Administrator General ndi ya DC nazonso zimathandiza pa chuma chamasiye, makamaka pamene abale akukokanakokana. Zimatenga nthawi, ndisakunamizeni, ndipo mudzayenda maulendo angapo. Muzipita ndi mafotokope ambiri, mapepala enieniwo musasiye paofesi iliyonse.

Za penshoni pitani kuntchito kwawo msanga. Nthawi zambiri ndalama imeneyi imatsata fomu imene malemu analembapo mayina a odzalandira. Anthu ambiri amalemba fomuyi akungoyamba ntchito, asanakwatire, n'kuiwala kuisintha, ndiye musadabwe mukapezapo mayina a makolo awo. Mufunsenso za inshulansi ya moyo imene olemba ntchito amadulira antchito awo, chifukwa mabanja ena sadziwa n'komwe kuti ilipo.

Za makiyi, yambani mwaulemu. Itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri, muuze alamu anu kuti palibe chogawidwa kufikira khoti litapereka makalata, ndipo galimoto ibwerere pakhomo. Ndimakhulupirira kuti ndi bwino kuyamba chonchi chifukwa anthu amenewa ndi abambo aang'ono a ana anu mpaka kalekale, ndipo ena amachita izi chifukwa ndi zimene anaona makolo akuchita. Akakana, pitani ku Victim Support Unit ya kupolisi ndi kope lanu lija. Musachite manyazi, musaope zoti mudzaoneka ngati simukulira.

Tsopano za kamnyamata kaja, ndipo apa ndikudziwa kuti mawu anga akuwawani. Ngati zitatsimikizika kuti ndi mwana wa amuna anu, lamulo limamuwerenga ngati mwana mofanana ndi anu atatu aja, ngakhale anabadwira kunja kwa banja. Mayi ake sagawana nanu ngati mkazi pokhapokha ukwati unalipo, koma mwanayo gawo ali nalo. Muli ndi ufulu wofuna umboni, ndipo khoti ndi limene lingagamule. Chimene ndikukupemphani n'chakuti musamubise polemba mayina a ana. Zikadzadziwika pambuyo, kugawa konse kukhoza kuyambiranso, ndipo inu ndi amene mudzaoneke wolakwa. Mwanayo sanasankhe mobadwira, nayenso bambo wamwalira.

Zikadzatha izi, mudzalembe wilu yanu. Siitana imfa ayi. Mukhoza kuilemba m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, muisainire pamaso pa mboni ziwiri, nazonso zisainire. Mbonizo zisakhale anthu amene mwawapatsa kanthu mmenemo. Mutchulemo wodzayendetsa chumacho ndi wodzalera ana, ndipo munthu mmodzi wodalirika adziwe kumene mwaisunga.

Koma za mawa ndi izi: kope, satifiketi ya imfa, ndi ulendo wa ku Legal Aid. Musapite nokha, tengani mchemwali wanu kapena mnzanu wa kumpingo woti azikuthandizani kukumbukira zimene akuuzani, poti mutu wa namfedwa sugwira zonse. Mukabwerako mundilemberenso, tione chotsatira.