Za ulendo wa ana ku Khulubvi

Aphunzitsi a ku Thekerani, mwafunsa ngati n'koyenera kupita ndi ana a sukulu ku kachisi wa Mbona ku Nsanje, komanso ngati mukaima pamenepo mungaone Shire ndi tsidya la Mozambique. Pitani nawo ndithu, koma adziwiretu kumene akupita asanakwere basi.

Ku Khulubvi kulibe chinyumba cha miyala choti mungakwere pamwamba n'kumaona patali. Ndi msitu wowirira pafupi ndi boma la Nsanje, womwe nkhwangwa siilowamo, ndipo kachisiyo ndi kanyumba kaudzu m'kati mwa mitengo. M'menemo ndi momwe Amang'anja akhala akupereka nsembe zopempha mvula kwa zaka mazanamazana. Akuluakulu amasimba kuti Mbona, munthu amene ankatha kuitanitsa mvula, anathawa adani ake kuchokera kumtunda, anaphedwa cha ku dambo la Ndindi, ndipo mutu wake unaikidwa mu msituwo. Kuyambira 2011 malowa ali pa mndandanda wa bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, UNESCO, wa malo oyembekezera kukhala chuma cha dziko lonse lapansi.

Chimene ndikukupemphani ndi ulemu. Yambani mwalonjerana ndi mafumu ndi osunga malowo, iwo ndiwo anene poti mufike ndi poti mulekere. Akati vulani nsapato, aliyense avule osanyinyirika. Nsalu ya kumeneko ndi yakuda. Mwana asathyole ngakhale kanthambi, ndipo foni isajambule musanapemphe. Makolo muwafotokozere bwino, chifukwa ena opemphera adzakayika. Auzeni kuti ana akukamva mbiri ya anthu a m'chigwa kuchokera pakamwa pa eni ake, chinthu chomwe buku la m'kalasi silingawapatse.

Madzi a Shire mukawaonere ku doko la Nsanje, lija anatsegula Bingu wa Mutharika mu 2010. Pamenepo Shire ndiye malire. Mumaona bango la tsidya lija, mabwato akuwoloka ndi anthu, njinga ndi matumba, wopalasa ataima kumbuyo, ndipo amene akutsika mu bwatomo amalankhula Chisena chomwecho cha tsidya lino. Akumbutseni ana kuti ena mwa madzi akudutsa pamaso pawo ndi a Ruo yemweyu, wochokera m'phiri la Mulanje, wogwa pa mathithi a Zoa, amene amathira mu Shire ku Chiromo. Koma wina asayerekeze kutsuka mapazi, ng'ona zilimo.

Pa za njira, ya ku Makhanga ndi yachidule, koma kuyambira pomwe madzi anadula msewu ku Chiromo mu 1997 anthu akhala akuwoloka pa bwato kuti afike ku Bangula. Ndi ana a eni, ine sindingavomere. Zungulirani ku Thabwa, muwoloke pa mlatho wa ku Chikwawa, mudutse Nchalo ndi Bangula. Sankhani June kapena July, chifukwa dzuwa la October kumeneko lingafooketse mwana wozolowera kuzizira kwa kuno, ndipo madzi akumwa mutenge ochuluka.