Alamu, buku la amayi a mbalame lija

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko ku Manchester? Ndamva uthenga wanu uja, ndiye ndiyankha pompano pa gulu kuti enanso amene ali ndi ana aang'ono amve nawo. Mwati kusukulu auza ana kuti aliyense abweretse buku la zithunzi lonena za mayi amene anachita zazikulu, ndipo kamtsikana kathu ka zaka 7 kakakamira kuti kakufuna la mbalame basi. Ndiye mukufunsa ngati mabuku otere alipo, mugule liti, komanso muwerenge naye bwanji. Alipo ndithu, ndikuuzani atatu. Koma muyambe mwamva nkhani imene ili kuseri kwa onsewo, apo ayi mwana adzakufunsani funso inu n'kungoti kakasi.

Nkhani yake ndi ya zipewa. Kuyambira cha m'ma 1870 mpaka kupitirira 1910, amayi opeza bwino ku America ndi ku Britain ankavala zipewa zokongoletsa ndi nthenga, mapiko, pena mbalame yathunthu youmitsa ili khale pamwamba. Mu 1886 katswiri wina wa mbalame, Frank Chapman, anayenda m'misewu ya New York n'kumayang'ana zipewa za amayi, ndipo anawerenga mitundu ya mbalame pafupifupi 40 ili pamitu ya anthu. Amene anaona zakuda kwambiri ndi akakowa. Eya, abale ake a kakowa yemwe uja amatsata ng'ombe kudambo, kungoti a kumeneko ndi mtundu wina. Nthenga zazitali zofewa zimene ankazifunazo zimamera nyengo yoswana yokha. Ndiye alenje ankapita pomwe mbalame zamanga zisa, makamaka ku Florida, kuombera makolo, kuzula nthenga, anapiye n'kutsala m'zisa kufa ndi njala. Mfundo imeneyi muigwire, chifukwa mwana akafunsa kuti bwanji sankangotola nthenga zogwa pansi, kapena bwanji mbalame zinkatha msanga chonchi, yankho lake ndi limeneli.

Buku loyamba ndi Harriet's Ruffled Feathers, analemba Joy McCullough, linatuluka mu 2022. Likunena za Harriet Hemenway wa ku Boston. Mayi ameneyu nayenso ankavala zipewa za nthenga zomwezo, musaganize kuti anabadwa woyera mtima. Mu 1896 anawerenga nkhani yofotokoza mmene akakowa ankaphedwera, zinamukhudza, n'kupita kwa msuweni wake Minna Hall. Awiriwa anatenga buku la mayina a mabanja otchuka a mu Boston n'kuyamba kuitana amayi kudzamwa tiyi, gulu ndi gulu, ndipo pa tiyi pomwepo ankawapempha kuti asiye kuvala nthenga. Amayi pafupifupi 900 anavomera. Chaka chomwecho anakhazikitsa bungwe loteteza mbalame la Massachusetts Audubon Society, lomwe lilipo mpaka lero. Kenako kunabwera malamulo: Lacey Act mu 1900, loletsa kudutsitsa m'malire a zigawo nyama ndi mbalame zophedwa mophwanya lamulo, ndiye Migratory Bird Treaty Act mu 1918, loteteza mbalame zoyenda mayiko. Zindikirani kuti nthawi yonseyi amayi a ku America anali asanaloledwe kuvota m'dziko lonse, zimenezo zinabwera mu 1920. Ndiye chida chawo chinali tiyi ndi kukana kugula.

Lachiwiri ndi la amayi awiri omwewa koma lakale, la 1995, She's Wearing a Dead Bird on Her Head!, analemba Kathryn Lasky, zithunzi anajambula David Catrow. Zithunzi zake n'zoseketsa, nkhope zokokomeza, ana amafa nalo kuseka. Koma lili ndi mawu ambiri pa tsamba, ndipo wolemba anaikamo zokambirana ndi zochitika zina zongopeka kuti nkhani ikome. Kuwerenga madzulo kunyumba lili bwino. Kupita nalo kusukulu ngati mbiri yeniyeni, pamenepo musamale, mwana angakaimirire kutsogolo n'kunena kuti mayi uja ananena mawu akutiakuti pomwe mawuwo ndi a wolemba.

Lachitatu, ndipo ili ndi limene ine ndikuti mugule, ndi She Heard the Birds, analemba ndi kujambula Andrea D'Aquino, la 2021. Ndi mbiri ya Florence Merriam Bailey, anabadwa mu 1863 kumudzi m'chigawo cha New York, anamwalira mu 1948. Chifukwa chake ndalisankha n'chakuti mwana wanuyo chimene amakonda si misonkhano ya tiyi, ndi kuyang'ana mbalame pawindo, ndipo Florence ndiye mayi wa zimenezo. Masiku amenewo munthu wofuna kuphunzira za mbalame ankaiombera ndi mfuti, kuisenda, kuiumitsa, kuiyeza ndi kuiika m'kabati. Florence anati ayi, khala chete pansi pa mtengo, uiyang'ane ili moyo, umve kulira kwake, ulembe. Ali pa Smith College mu 1886 anayambitsa gulu la atsikana loteteza mbalame n'kumatuluka nawo kukaziona kutchire, poganiza kuti amene waiona mbalame ikudyetsa ana ake sangaivalenso pamutu. Mu 1889, ali ndi zaka 26, anatulutsa buku lake Birds Through an Opera-Glass, lomwe ambiri amalitenga ngati chiyambi cha mabuku othandiza munthu wamba kuzindikira mbalame zamoyo. Dzinalo likuchokera ku timagalasi tating'ono timene anthu ankaonera zisudzo ali kumbuyo mu holo, ndi timene iye ankagwiritsa ntchito. Mu 1929 anakhala mayi woyamba kusankhidwa kukhala Fellow, ndiye kuti membala wolemekezeka, wa bungwe la akatswiri a mbalame la American Ornithologists' Union, ndipo mu 1931 anakhala mayi woyamba kulandira mendulo ya Brewster ya bungwe lomwelo. Zithunzi za m'bukuli n'zamapepala odula n'kumata, mawu ndi ochepa, mwana wa zaka 7 atha kuwerenga yekha mbali yaikulu.

Ndiye gulani limenelo, awiri enawo mukafunse ku laibulale. Kumeneko khadi ya laibulale ndi yaulere, ndipo buku likapanda kupezeka pa shelefu mumawauza akuitanitsireni. Pofufuza lembani dzina la wolemba, osati mutu wokha, chifukwa mabuku a ana a mbalame mayina ake amafanana kwambiri.

Tsopano kawerengedwe. Buku likafika musayambe ndi mwana. Muyambe nokha, mutsegule kumapeto. Mabuku amenewa amakhala ndi masamba 32 mpaka 48, ndipo masamba awiri kapena atatu omaliza amakhala ndi mawu a wolemba, zaka zenizeni, pena chithunzi chenicheni cha mayiyo. Mphindi zisanu zokha mwamaliza, ndipo ndi pomwe mumadziwira zoona ndi zokometsera. Kenako mukhale naye, ulendo woyamba mungoyenda m'zithunzi osawerenga, iye azikuuzani zimene akuona. Ulendo wachiwiri ndiye muwerenge mawu, tsamba limodzi m'Chingerezi, inu n'kulifotokozanso m'Chichewa mwachidule. Musamasulire liwu ndi liwu, mwana amatopa, nkhani imazizira. Ziganizo ziwiri zakwana: apa mayi uja waona chipewa, mtima wamuwawa.

Pamene pamavuta ndi pa tsamba la mbalame zakufa. Ana ena amalira, ena amakana kupitiriza. Musalidumphe tsambalo, chifukwa mukatero zimene amayiwa anachita zimasowa mutu. Koma musaliwerenge pa nthawi yogona. Liwerengeni masana, ndipo mumuuziretu kuti akakowa aja sanathe, malamulo atabwera anachulukanso, lero alipo ambiri. Mwana akadziwa kuti mapeto ndi abwino amapirira pakati.

Vuto lina n'lakuti mabuku atatu onsewa ndi a ku America, ndiye mbalame zake si zimene aziona pawindo ku Manchester. Chitsanzo ndi robin. Wa ku America ndi wamkulu, wapachibale ndi blackbird, pomwe robin wa ku Britain ndi kambalame kakang'ono ka chifuwa chofiirira. Dzina limodzi, mbalame ziwiri zosiyana. Mwana akatenga bukulo kupita nalo panja kukafananitsa adzasokonezeka, adzayesa kuti iye ndiye sakutha. Mumupezere kabuku kena kakang'ono ka mbalame za ku Britain, kapena tchati cha tsamba limodzi cha mbalame za m'dimba. Mitundu isanu ndi umodzi yakwana poyambira: robin, blackbird, magpie, blue tit, house sparrow ndi woodpigeon.

Apa mpamene mungalowetsepo Chichewa chathu, poti mumadandaula kuti akuiwala. Sparrow muziti mpheta, kadzidzi ndi kadzidzi, njiwa ndi njiwa. Khwangwala mumuuze kuti wa kwathu ali ndi choyera pachifuwa ndi pakhosi pomwe wa kumeneko ndi wakuda bii thupi lonse. Koma musakakamize dzina lathu pa mbalame imene kwathu kulibe, blue tit akhale blue tit. Namzeze ndiye wa uku ndi uko: anamzeze amene amamanga zisa ku Britain amanyamuka cha mu Seputembala kupita mpaka ku South Africa, n'kubwerera mu Epulo, ndipo mtundu womwewo timauona kuno nyengo ya mvula. Mukamuuza zimenezi adzamvetsa chifukwa chake lamulo la 1918 lija linachokera pa pangano la mayiko awiri, poti mbalame yoyenda sungaiteteze mbali imodzi yokha.

Aa, ndikanaiwala chinthu chachikulu, ndipotu chili pakhomo panu pomwepo. Bungwe loteteza mbalame la RSPB, lija mumaona chizindikiro chake paliponse kumeneko, linayambira ku Manchester. Mayi wina dzina lake Emily Williamson analiyambitsa mu 1889 m'nyumba mwake ku Didsbury, pa nkhani yomweyi ya nthenga, ndipo poyamba linali la amayi okhaokha. Nyumbayo, The Croft, ili mu Fletcher Moss Park, kulowa m'pakimo n'kwaulere. Mu 1891 gulu lake linaphatikizana ndi la Eliza Phillips ndi Etta Lemon la ku Croydon, mu 1904 linalandira chilolezo cha ufumu n'kukhala RSPB, ndipo lamulo loletsa kulowetsa nthenga m'dzikomo linadutsa mu 1921. Muwerengere nokha, kuchokera 1889 ndi zaka 32 akulimbana. Lonjezo la mamembala linali losavala nthenga za mbalame iliyonse yosaphedwera chakudya, kupatula nthiwatiwa, chifukwa nthiwatiwa ankaziweta m'mafamu, makamaka ku South Africa cha ku Oudtshoorn, n'kumadula nthenga mbalame ili moyo. Mupite naye Loweruka lina, mumujambule pamenepo, chithunzicho akaonetse kusukulu pamodzi ndi buku. Aphunzitsi adzaona kuti mwana walumikiza mayi wa ku America ndi wa mumzinda wawo womwe.

Za magalasi oonera patali, poti ndikudziwa akamaliza bukulo adzawafuna. Musagule a chidole apulasitiki aja, amaonetsa mbuu, mwana amagwa ulesi tsiku lomwelo. Musagulenso akuluakulu olembedwa 10x50, ndi olemera, manja a mwana amanjenjemera ndipo mbalame imathawa m'galasi. Funani olembedwa 8x30 kapena 8x32, ngakhale 6x30. Nambala yoyamba ikunena kuti chinthu chikula kangati, yachiwiri ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita. Muonetsetse kuti akupindika mokwanira kuti agwirizane ndi maso ake, chifukwa maso a mwana ndi oyandikana, akapanda kugwirizana amaona mizere yakuda kapena zinthu ziwiriziwiri. Kagwiritsidwe kake, ayambe waipeza mbalame ndi maso, asachotse maso pamenepo, ndiye akweze magalasi kufika kumaso. Ana ambiri amayang'ana pansi kutenga magalasi, pokweza mutu mbalame yasowa. Ayeserere kaye pa chinthu chosayenda, monga chumuni ya nyumba ya aneba. Ndipo mumuletse kotheratu kuloza nawo kudzuwa.

Mumugulirenso kope laling'ono ndi pensulo, ndizo zida za Florence zenizeni. Pa mbalame iliyonse alembe tsiku, malo, kukula kwake poyerekeza ndi mpheta kapena njiwa, mtundu, maonekedwe a mlomo, ndi chimene imachita. Dzina lizibwera pomaliza. Mukamuuza dzina msanga amasiya kuyang'ana. Kumapeto kwa Januwale chaka chilichonse RSPB imachititsa Big Garden Birdwatch, inayamba mu 1979 ngati ntchito ya ana. Mumakhala ola limodzi, pawindo kapena m'paki, n'kuwerenga mbalame zimene zatera. Pamene anthu amalakwitsa ndi kuphatikiza: mpheta ziwiri zabwera, zapita, kenako zitatu, iwo n'kulemba zisanu. Ayi, mumalemba nambala yaikulu imene mwaona nthawi imodzi, apa ndi zitatu, chifukwa mwina ndi zomwe zija zabwereranso.

Za kusukuluko, musamulembere ndime yaitali yoloweza. Pa kakhadi alembe yekha zinthu zitatu: mayiyu anali ndani ndipo anakhala liti, vuto linali chiyani, anachitapo chiyani. Asankhe tsamba limodzi lokaonetsa anzake, aikepo kapepala kuti asakavutike kulifuna, ndipo ayeserere kawiri kunyumba kutchula Merriam Bailey mokweza.

Achimwene ndi ena muli kuno kumudzi amene mukumvera, alamu akamaliza nalo bukulo atumize, anyamata athu a malegeni ndi ulimbo aja aliwerengeko. M'masukulu ambiri muli magulu a zachilengedwe a bungwe losamalira nyama ndi chilengedwe la WESM, mufunse aphunzitsi ngati pasukulu pawo lilipo. Alamu, mukagula mujambule chikuto muike pa gulu pano tione ngati ndi lomwelo.