Kubwereka Funde la Hokusai Pojambula Petro Akuyenda Pamadzi

Mayi wina watilembera kalata kuti akufuna kujambula nkhani ya pa Mateyu 14:22-33 pakhoma la Sande sukulu. Akufunsa ngati n'kololedwa kubwereka funde la pachithunzi chotchuka cha wojambula Hokusai, komanso ayambire pati.

Bwerekani ndithu, mayi. Katsushika Hokusai wa ku Japan anamwalira mu 1849, ndiye palibe angakusumireni. Koma musakopere chilichonse. Pachithunzi chake funde limapindika kuchokera kumanzere, ndipo pansi pa kupindikako, chapatali, pamaoneka phiri la Fuji. Maso amathamangira pomwepo. Chotsani phirilo, muikepo Yesu, wamkulu moti mwana wokhala kumbuyo amuone. Mukamuchepetsa, anawo aziona funde lokha basi.

Ambiri amajambula Petro akumira. Ife tingasankhe vesi 29: phazi limodzi lagunda madzi, lina likadali m'ngalawa, dzanja silinasiye m'mphepete. Thupi lipendekere kwa Yesu, apo ayi aoneka ngati akubwerera. Ngalawayo isakhale bwato la anthu awiri. Ya nthawi imeneyo yomwe inapezeka m'matope a Nyanja ya Galileya mu 1986 ndi yaitali mamita 8 ndi pang'ono. Chithunzi cha namondwe cha Rembrandt, wojambula wa ku Netherlands, cha mu 1633 chisakusokonezeni, chimenecho ndi cha pa Marko 4, pomwe Yesu ali m'ngalawa momwemo.

Nkhani ya Petroyi inachitika pa ulonda wachinayi, kuyambira 3 koloko mpaka 6 koloko m'bandakucha, choncho dzuwa lisaoneke. Buluu woderapo achuluke, kuwala kuchokere mbali imodzi yokha.

Ngati pulasitala ndi watsopano, dikirani masabata 4. Chinyezi chotsalira chimatupitsa penti n'kuyamba kusupuka. Pakani penti woyera woyambira kawiri. Jambulani kaye papepala, mulembepo mabokosi a masentimita 2, kenako pakhoma mulembe ndi choko mabokosi a masentimita 20, n'kusamutsa bokosi limodzilimodzi. Penti akhale wosungunula ndi madzi, popeza wonyezimira wa mafuta amathobwa m'maso kuwala kwa pawindo kukamugunda.

Yambani ndi thambo ndi madzi akuda, anthu pambuyo. Thovu loyera, lokhala ngati zikhadabo lija, likhale lomaliza, buluu atauma gwa. Mukapupuluma, mitundu iwiriyo imasakanikirana, thovu n'kusanduka lotuwa. Pamene phazi la Petro lagunda, zungulizani timizere tiwiri kapena titatu toyera kuti zioneke kuti madziwo amunyamula.