Kwa amake Chisomo a ku Salima: dzina la mwana wamkazi wachiwiri

Sabata yatha ndinalandira kalata pa imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Salima, amene pano ndiziwatchula kuti amake Chisomo. Akuyembekezera kuchira mwezi wamawa, ndipo atawaunika kuchipatala anawauza kuti mwanayo ndi wamkazinso. Amuna awo akufuna dzina loyamba ndi "Chi" kuti lifanane ndi la mkulu wake, monga Chikondi kapena Chifundo, pamene apongozi awo aakazi anena kuti iwo ali nalo kale dzina "logwirizana ndi mmene zinthu zakhalira," ngakhale sanalitchule. Funso lawo ndi lakuti atsate ziti.

Amake Chisomo, mawu a apongozi anuwo ndi amene andisowetsa tulo, chifukwa ine amene ndikulemba pano ndine mwana wamkazi wachiwiri, ndipo dzina langa linali logwirizana ndi mmene zinthu zinakhalira.

Ndinabadwira ku Nkhotakota, m'mudzi wina wa kufupi ndi Chia, kumene madzi a m'thamandamo amakathira m'nyanja. Bambo anga anali msodzi, ndipo anali ndi bwato lawo ndi maukonde awo. Mkulu wanga atabadwa anamutcha Madalitso, ndipo amayi amanena kuti tsiku lomutulutsa m'chikuta anthu anadya mpunga ndi chambo mpaka kutsala. Patapita zaka ziwiri ndinabadwa ine. Bambo ankayembekezera mnyamata woti adzapalase nawo bwato, ndipo atamva kuti ndi mtsikananso ananyamula nkhafi n'kupita kunyanja osafunsa ngakhale za moyo wa amayi. Mchombo utagwa, azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, anabwera kudzandinyamula, nanena pamaso pa amayi onse amene anasonkhana kuti mwanayu ndi Tichitenji. Agogo anga akuchikazi anakwiya kwambiri, chifukwa pa mwambo wathu wa Chichewa mwana wamkazi ndiye amakulitsa mbumba, ndiye amasunga mudzi, ndipo mwinimbumba weniweni amanyadira akaona alongo ake akubereka atsikana. Komanso kwathu kuja kunali chizolowezi chakuti dzina la mwana woyamba limachokera kuchimuna, la wachiwiri kuchikazi, kotero azakhali analanda udindo umene sunali wawo. Koma amayi anali atangochira kumene, atsibweni anali kutali ku Dwangwa kumene ankadula nzimbe, ndipo panalibe amene anafuna kuyambitsa mkangano pa mkeka wa mwana wakhanda. Dzinalo linakhazikika chifukwa cha kusowa kwa munthu mmodzi yekha wonena kuti iyayi.

Sindinadziwe kulemera kwake mpaka nditafika Sitandade 3. Aphunzitsi akamaitana mayina m'mawa, ankati akafika pa Madalitso, Chimwemwe kapena Yamikani, anawo ankangoyankha n'kukhala pansi, koma akafika pa langa, anyamata a kumbuyo ankaliyankha ngati funso, aliyense ndi yankho lake lachipongwe, kalasi yonse n'kuseka. Tsiku lina ndinabwerera kunyumba ndikulira, ndipo ndinafunsa amayi kuti kodi chimene chinawasowetsa chochita pamene ine ndinabadwa chinali chiyani. Amayi anali kupeta mpunga. Anaika lichero pansi, nandiuza nkhani yonse imene ndafotokozayi, osabisa kanthu, kenako anati, "Mwana wanga, dzinalo silinachokere pakamwa panga." Ndinali ndi zaka 9, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti kubadwa kwanga kunali kokhumudwitsa kwa bambo anga. Bambowo pambuyo pake anandikonda, anandilipirira sukulu ndi ndalama za usipa mpaka ndinamaliza Fomu 4, ndipo sindiwasungira mangawa. Koma chikondi chawo cha zaka zambiri sichinafufute funso limene azakhali analemba pa ine m'sabata yanga yoyamba, chifukwa ndinkalimva tsiku lililonse munthu akandiitana.

Pali amene amanditsutsa ndikamalankhula zotere, n'kumati mayina a madandaulo ndi chikhalidwe chathu, ndipo kuwakana n'kunyoza makolo. Ndikuvomera kuti makolo athu ankatcha ana mayina monga Mavuto, Masautso, Chisoni, ngakhale Maliro ndi Manda. Koma tiyenera kukumbukira chifukwa chake. Mayi amene waika m'manda ana awiri kapena atatu motsatizana ankapereka dzina loipa kwa mwana wotsatira ali ndi mantha, pofuna kuti imfa kapena anthu a kaduka amunyalanyaze, asamuone ngati kanthu kamtengo wapatali. Dzina lotero, ngakhale ndi lowawa, linkachokera m'chikondi cha mayi wofunitsitsa kuti mwana wake akhale ndi moyo. Dzina lodandaula kuti mwana wabadwa wamkazi lilibe chitetezo chilichonse m'kati mwake, chifukwa cholinga chake n'kutumiza uthenga kwa mpongozi kapena kwa anansi, ndipo mwanayo amasanduka kalata yonyamula mawu a akuluakulu amene akulephera kuuzana maso ndi maso. Poyamba ndinkaganiza kuti nkhani zotere ndi zofunika kuzinyengerera, koma pamene ndikulemba pano ndikuona kuti sindingathe kunena mofatsa. Munthu wamkulu amene ali ndi chodandaula ndi banja la mwana wake akanene kwa ankhoswe. Kugwiritsa ntchito dzina la khanda ngati pobwezera ndi kulakwira munthu amene sangadziyankhire, ndipo msinkhu wa wochita zimenezo suchepetsa kulakwako.

Ndili wamng'ono ndinkasirira anzanga achisilamu a ku Linga, kumene Chisilamu chinakhazikika kuyambira nthawi ya Jumbe Salim bin Abdullah m'zaka za m'ma 1840. Anzangawo anali a Amina, a Patuma, a Zainabu ndi a Mwanaisha. Kwawo mwana amatchedwa dzina pa tsiku lachisanu ndi chiwiri, amamumeta tsitsi, ndipo banja likakwanitsa limapha mbuzi. Chimene chinandikhudza nditakula n'chakuti iwo amaphunzitsidwa kuti dzina labwino ndi ufulu wa mwana umene kholo liyenera kukwaniritsa, ndiponso kuti Mtumiki Muhammad ankasintha mayina a anthu ngati tanthauzo lake linali loipa. Ife akhristu timawerenganso za anthu amene Mulungu anawasintha mayina, monga Sarai kukhala Sara. Ine ndinayesa kutsata njira imeneyo, ndipo pobatizidwa ndinasankha dzina lakuti Esitere. Kutchalitchi ndi kwa amuna anga ndine Esitere mpaka lero. Koma masatifiketi anga onse a sukulu anali atalembedwa kale ndi dzina loyamba lija, ndipo m'chaka cha 2017, pamene a National Registration Bureau ankalemba Amalawi onse a zaka 16 kupita m'mwamba kuti alandire chiphaso cha unzika, ndinaona kuti mapepala anga adzasemphana ndikasintha, kotero ndinalembetsa la azakhali lomwelo. Kale dzina la ubwana linkatha pa chinamwali, namwali akalandira latsopano, ndipo mayi wamkulu ankangodziwika ndi mfunda wake, Naphiri, Nabanda kapena Nambewe. Masiku ano sizili choncho. Kulembetsa mwana aliyense wobadwa ndi lamulo, ndipo dzina limene lidzalowe pa satifiketi ya kubadwa ya mwana wanu lidzamutsata ku mayeso, ku banki, pa pasipoti ndi pa kalata yofunsira ntchito.

Za maganizo a amuna anu ndilibe nazo mkwiyo, chifukwa zikuchokera mu mtima wabwino, ndipo Chikondi ndi Chifundo ndi mayina okoma. Komabe ndili ndi nkhawa imene mwana woyamba sangaimvetse. Taonani mmene ndakutchulirani m'kalata yonseyi. Inu ndinu amake Chisomo, amuna anu ndi abambo ake a Chisomo, ndipo mudzakhala otero mpaka ukalamba, ngakhale mutabereka ana asanu ndi awiri. Mwana woyamba amapereka dzina kwa makolo ake, pamene wachiwiri amapeza nyumba itatchulidwa kale. Adzavala madiresi amene mkulu wake wasiya, adzalowa m'kalasi momwe aphunzitsi adzamufunsa ngati ali wanzeru monga Chisomo, ndipo alendo adzamutcha mng'ono wake wa Chisomo asanafunse dzina lake. Amayi anga anali amake Madalitso moyo wawo wonse, ndipo sindinamvepo munthu akuwatchula ndi dzina langa. Mukamupatsanso dzina losankhidwa chifukwa chakuti likumveka ngati la mkulu wake, ndiye kuti ngakhale chinthu chimodzi chokhacho chimene chikanakhala chakechake mwachiyeza ndi muyeso wa wina. Ganizirani za ana aakazi awiri a ku Rumphi amene dziko lonse likuwadziwa pa mpira wa miyendo, Tabitha Chawinga ndi mng'ono wake Temwa. Wina ali ndi dzina la m'Baibulo, wina la Chitumbuka lonena za chikondi, ndipo mayinawo safanana m'pang'ono pomwe. Pamene Temwa anagoletsa zigoli zambiri kuposa wina aliyense mu ligi ya ku America m'chaka cha 2024, akusewerera Kansas City Current, palibe amene anamusokoneza ndi mkulu wake, ndipo palibenso amene anakayika kuti ndi apachibale.

Tsono muchite chiyani?

Musadikire tsiku lotuluka m'chikuta, chifukwa pa tsiku limenelo mudzakhala ofooka monga analili amayi anga, ndipo mawu akatuluka pagulu savuta kukhazikika. Sabata ino yomwe, pemphani amuna anu kuti akafunse amayi awo dzina limene asunga, ndipo afunse iwo monga mwana wawo, osati inu monga mpongozi. Likakhala lodandaula, alikane mwaulemu koma momveka, kenako awapemphe kuti asankhe pa mayina awiri kapena atatu amene inu nonse mwagwirizana, kuti ulemu wotcha mdzukulu usawachokere. Auzeninso atsibweni anu kapena amayi anu kuti adzakhalepo pa tsikulo. Posankha mayinawo, funsani chimene mukumva mumtima pa za mwana uyu yekha, ndipo ngati yankho ndi Chikondi, mutcheni Chikondi popanda mantha, bola chifukwa chake chikhale iyeyo osati "Chi" wa mkulu wake. Tadala, Tiyamike, Mwayi, Pemphero ndi Mtendere ndi mayina amene mungawayese pakamwa, kuwaitana mokweza monga mmene mudzaitanire madzulo mwana akachedwa ku masewera, ndi kuwatchula pamodzi ndi dzina la bambo ake kuti mumve ngati akuyenda bwino.

Inenso Mulungu anandipatsa ana aakazi awiri motsatizana. Wachiwiriyo atabadwa, amayi anga anakwera minibasi kuchokera ku Nkhotakota ngakhale miyendo inali itayamba kuwavuta, ndipo anafika mchombo usanagwe. Pa tsiku lotuluka sanadikire kuti wina ayambe kulankhula. Anamunyamula, anayang'ana kwa ine osati kwa anthu amene anasonkhana, nanena kuti mwanayu ndi Takondwa.