Funsani Adokotala: Covid-19 ndi mbewu ya abambo

Funso: Ndili ndi zaka 34, ndimakhala ku Mufakose. Miyezi iwiri yapitayo ndinadwala Covid-19. Sindinagonekedwe m'chipatala, thupi linangotentha masiku angapo. Ine ndi mayi a kunyumba tikufuna mwana wachiwiri, ndipo patha miyezi 8 popanda kanthu. Anzanga akuti matendawa amapha mbewu. Kodi n'zoona?

Yankho: Bambo, mtima m'malo. Covid-19 yosadwalitsa kwambiri imatha kuchepetsa mbewu ndi kuifooketsa, koma kwa amuna ambiri izi n'zakanthawi.

Chimodzi mwa zimene zimavulaza mbewu ndi kutentha thupi kuja. Machende ali kunja kwa thupi chifukwa mbewu imapangika bwino pamalo ozizirirapo ndi madigiri 2 kapena 3 poyerekeza ndi m'kati. Thupi likafika madigiri 39, mbewu imene ikupangika masiku amenewo imachepa, ina imapunduka, ina siyenda bwino. Malungo amachitanso chimodzimodzi. Mu 2020 madokotala anada nkhawa chifukwa khomo limene kachilomboka kamalowera m'maselo, lotchedwa ACE2, limapezekanso m'machende, koma kachilomboko sikapezekapezeka mu umuna.

Tsono gwirani mfundo iyi. Mbewu imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ipangike, kenako imakhala masabata ena awiri ikukhwima m'kanjira kopindapinda kuseri kwa chende. Umuna wa lero ndi umene unali m'kati mopangika muli chigonere, ngati chimanga chimene ng'amba inachipeza chikumasula: kuipa kwake kumaonekera pokolola. Mukayezetsa panopa, zotsatira zingakuopsezeni pachabe.

Mu 2022 ofufuza a Boston University anafalitsa zimene anapeza pa mabanja oposa 2,000 a ku America ndi Canada. Mwamuna akadwala Covid-19, mwayi woti mkazi aime unkatsika ndi pafupifupi 18 peresenti m'masiku 60 oyamba. Masikuwo atadutsa, kusiyana kunatha. Katemera sanachepetse mwayiwo kwa mwamuna kapena mkazi.

Musanayezetse umuna, dikirani miyezi itatu kuchokera pamene munachira. Chaka chikakwana mayi asanaime, pitani kuchipatala nonse awiri, osati mayi okha monga zimachitikira m'mabanja ambiri. Ngati mayi apitirira zaka 35, miyezi 6 n'njokwanira kale, musadikire chaka.

Poyezetsa umuna, khalani masiku 2 mpaka 7 osatulutsa. Umuna wonse ugwere m'kabotolo ka ku labotale. Madontho oyamba ndiwo ali ndi mbewu yambiri, choncho akatayika muwauze oyeza. Kondomu wamba ayi, mafuta ake amapha mbewu. Mukatengera kunyumba, kabotoloko kakhale m'thumba la malaya pafupi ndi thupi ndipo kafike pasanathe ola. Amene muli kutali ndi tauni, kombi ingakuchedwetseni, ndi bwino kukaperekera komweko. Malire a m'munsi amene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalemba mu 2021 ndi awa: mamililita 1.4, mbewu 16 miliyoni pa mililita, 42 peresenti yoyenda, 4 peresenti yooneka bwino. Kutsika kamodzi si chigamulo. Amayezanso kachiwiri pakapita miyezi itatu.

Funso: Chichirireni korona, chilakolako cha m'banja chatsika ndipo ndimangotopa. Wina wandilonjeza jakisoni wa testosterone, wina gondolosi wochokera kumudzi. Ndiyambe chiti? — Bambo wa ku Highfield

Yankho: Jakisoniyo musabayitse, makamaka ngati mukufunabe ana. Thupi likalandira testosterone (homoni yachimuna) yochokera kunja, ubongo umaona ngati yakwana, n'kusiya kutumiza mahomoni awiri, LH ndi FSH, amene amadzutsa machende. Mbewu imatsika mpaka kutheratu mwa ena, ndipo kuti ibwerere pamatenga miyezi yambiri, nthawi zina kupitirira chaka. Zimatipweteka kuona munthu amene akanachira yekha atadzitsekera njira ya mwana ndi mankhwala ogula mumsewu.

Testosterone imatsikadi munthu akadwala, ndipo imatsika kwambiri mwa amene anadwala mwakayakaya. Amene anadwala pang'ono, kawirikawiri imabwerera thupi likapeza mphamvu. Ngati patha miyezi itatu zinthu zisanasinthe, kayezetseni magazi m'mawa isanakwane 10 koloko, musanadye, chifukwa masana homoniyi imatsika yokha. Ikapezeka yochepa, abwereze tsiku lina, ayezenso LH, FSH ndi homoni ina yotchedwa prolactin. LH ikakwera pamene testosterone ili pansi, vuto lili m'machende. Zonse zikatsikira limodzi, dokotala amayang'ana ku ubongo, kunenepa kwambiri kapena mankhwala amene mukumwa. Pempheninso kuti akuyezeni shuga ndi BP, pakuti matenda awiriwa amafooketsa abambo ambiri mwakachetechete.

Gondolosi sakweza chiwerengero cha mbewu mwanjira yotsimikizika, ndipo maufa osalembedwa ogulitsa ku msika wa Mbare simungadziwe chimene asakanizamo. Chepetsani mowa, siyani fodya, gonani mokwanira.

Chende likatupa kapena kupweteka, kaonaneni ndi dokotala tsiku lomwelo. Ululu ukabwera mwadzidzidzi ndi mseru, thamangirani ku chipatala cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe mu Harare, chifukwa chende lopotokola limafunika opaleshoni pasanathe maola 6.